Kuchokera pa viniga kufika pa dontho la magazi

Mayi akalowa m'chipinda choyezera khomo la chiberekero pachipatala cha boma ku Mulanje, zida zimene amazipeza n'zochepa: nyali, thonje, kachida kotsegulira njira ndi botolo la viniga. Namwino amapaka vinigayo pakhomo la chiberekero n'kudikira mphindi imodzi. Malo amene ayamba kuwonongeka amayera mbuu. Ngati malowo ndi ochepa, amawawotcha kapena kuwaziziritsa tsiku lomwelo, mayi n'kubwerera kwawo.

Mulanje ndi limodzi mwa maboma amene njirayi inayambira m'Malawi muno, pamene bungwe la Project HOPE linayamba kuiyesa kumapeto kwa zaka za m'ma 1990. Unduna wa Zaumoyo unaifalitsa m'dziko lonse kuyambira 2004, ndipo mu 2019 katemera wa HPV, kachilombo koyambitsa khansa ya khomo la chiberekero, anayamba kuperekedwa m'dziko lonse kwa atsikana a zaka 9. Komabe khansa imeneyi ndiyo ikutha amayi athu kuposa khansa ina iliyonse. Ambiri amafika kuchipatala matenda atakula kale. Manyazi amawagwira, ulendo ndi wautali, ndiponso munthu wosamva ululu savomera msanga kusiya khasu kapena dengu la tiyi kuti akagone pabedi loyezera.

N'chifukwa chake nkhani ya tinthu totchedwa microRNA yandigwira mtima. Inayambira kutali ndi odwala. Mu 1993 Victor Ambros ndi Gary Ruvkun, ku America, ankafufuza kakulidwe ka kanyongolotsi kotalika milimita imodzi yokha. Anapeza kachidutswa kakafupi ka RNA, kotchedwa microRNA masiku ano, kamene kamaletsa selo kupanga mapuloteni ena. Anthu ambiri anaganiza kuti n'zakanyongolotsiko basi. Mu 2002 gulu la Carlo Croce linaonetsa kuti tizidutswa tiwiri totere timasowa mwa odwala khansa ina ya m'magazi, ndipo pofika 2008 zinadziwika kuti timayenda m'magazi osawonongeka msanga, zimene zinapereka chiyembekezo choti khansa ingadzapezeke poyeza dontho la magazi. Ambros ndi Ruvkun analandira mphotho ya Nobel mu 2024.

Kodi kanthu kochepa chonchi n'kukapeza bwanji popanda labotale yaikulu? Yankho lake ofufuza akulitenga ku kamakina koyezera shuga, kamene maganizo ake anachokera kwa Leland Clark mu 1962. Odwala shuga ambiri amakadziwa: kubaya chala, dontho pakapepala, nambala n'kuoneka. Pofuna microRNA, ofufuza amamata tizingwe ta DNA pakachitsulo ka golide kapena pakaboni. Kachingwe kalikonse kamagwirana ndi microRNA imodzi yokha yoyenerana nako. Zikagwirana, kayendedwe ka magetsi pakachitsuloko kamasintha, makina n'kuwerenga kusinthako. Vuto n'lakuti tizidutswati timakhala tochepetsetsa m'magazi ndipo timafanana kwambiri, choncho zidazi zikadali m'manja mwa ofufuza.

Ndikukhulupirira kuti zikadzatheka, amene adzapindule kwambiri ndi mayi wa kwa Mabuka kapena ku Muloza, amene angalole kubayidwa chala mosavuta kusiyana ndi kuvula. Koma tsikulo silinafike, ndipo khansa ikupitiriza kukula mwakachetechete. Amayi a zaka 25 mpaka 49, viniga alipo lero pa Boma ndi ku Mulanje Mission. Pitani mukayezetse, ndipo abambo, aperekezeni.