Zinki ya ku Kabwe inadikira malaiti

Tikaona malata akung'anima pa madenga a ku Matero kapena ku Chawama, sitiganizako za zinki. Koma ndiyo imakuta chitsulo chija kuti chisachite dzimbiri. Ndipo kwa zaka zoposa 60, zinki inali kupangidwa kuno kwathu, ku Kabwe.

Mu 1902, T.G. Davey anapeza miyala ya mtovu ndi zinki pamalo amene anawatcha Broken Hill, potengera dzina la mugodi wa ku Australia. Njanji inafika mu 1906. Mtovu sunavute kwenikweni, ukausungunula umayenda ngati phala. Zinki ndiye inali nkhutukumve. Imawira pa madigiri 907, ndiye ukaiponya m'ng'anjo wamba imasanduka nthunzi, ikakumana ndi mpweya n'kukhala fumbi loyera. Chuma chilipo, koma chokana kugwidwa.

Njira inachokera kutali. Cha m'ma 1916, ku Anaconda ku America ndi ku Trail ku Canada anayamba kusungunula mwalawo mu asidi, kenaka n'kupititsamo magetsi. Zinki imamatirira pa mapepala a aluminiyamu, antchito n'kumaisupula. Vuto lake, njira imeneyi imadya magetsi koopsa. N'chifukwa chake anamanga damu pa mtsinje wa Mulungushi, imene Prince of Wales anatsegula mu 1925. Tisanamizane: malaiti amenewo sanabwerere kuwunikira nyumba za agogo athu, anabwerera mugodi. Mu 1928 zinki yoyamba inatuluka.

Mu 1962 kunabwera ng'anjo ina, Imperial Smelting Furnace, imene inatulukiridwa ku Avonmouth ku England. Iyi inali yochenjera. Inali kuphika mtovu ndi zinki pamodzi, ndipo nthunzi ya zinki ija inali kugwidwa ndi timadontho ta mtovu wosungunuka isanapse. Mtovu ukazizirako, zinki imayandama pamwamba ngati mafuta pa msuzi.

ZCCM inatseka mugodi mu 1994. Zinki inapita kale ndi sitima, koma fumbi la mtovu linatsala m'dothi la ku Kasanda, Makululu ndi Chowa, momwe ana amasewerera chimpombwa. Likalowa m'magazi limawononga ubongo wa mwana. Mpaka manje anyamata a msinkhu wathu amakwera Black Mountain, mulu wa zotsalira za mugodi, ndi fosholo ndi masaka, kusakasaka zogulitsa.