Nsikidzi ndi zayani? Kuchokera pa thangata kufika pa lendi

Boma litandisamutsira ku Phalombe, ndinapeza nyumba ya lendi chakufupi ndi msika wa Migowi. Usiku wachitatu ndinadzidzimuka thupi lonse likuyabwa, ndipo nditawalitsa tochi ndinaona nsikidzi zikuthawira m'ming'alu ya khoma. Kutacha ndinakadandaula kwa eni nyumba. Mayi wachikulireyo anangoti, "Bambo, nsikidzi zimabwera ndi alendo. Mwabwera nazo m'matiresi mwanumo." Ine ndinati ming'aluyo ndaipeza, sindinabwere nayo. Mkangano unaima pa funso limodzi: mankhwala agule ndani?

Funso la udindo wa mwini malo ndi wa wokhalapo ndi lakale m'chigwa chino. Kumayambiriro a zaka za m'ma 1890, Harry Johnston anapereka zikalata zaumwini kwa Azungu amene ankati anagula malo kwa mafumu. Mwa iwo munali banja la Alexander Low Bruce, mkamwini wa David Livingstone, lomwe linali ndi esiteti yaikulu ku Magomero ndi ina ku Likulezi, kuno kutsinde kwa phiri la Mulanje. Nthawi yomweyo Alhomwe ambiri ankawoloka malire kuthawa nkhanza za Apwitikizi ku Mozambique. Pokhala alendo opanda minda, ambiri anakhazikika pamaesiteti.

Lendi yawo sinali ndalama koma thukuta. Mwamuna ankagwira ntchito mwezi umodzi wolipirira malo ndi mwezi wina wolipirira msonkho wa nyumba, koma akapitao ankadula masiku mpaka miyezi iwiriyo inkatalika, nthawi zambiri m'dzinja pamene munda wake umafuna khasu. Limeneli ndilo thangata, mawu amene poyamba ankatanthauza kuthandizana. Nyumba ankamanga yekha, kufolera yekha, kuzira yekha. Ikadontha kapena ikadzala tizilombo, mwini malo sizinkamukhudza. Udindo unkayenda njira imodzi ngati madzi a mtsinje wa Phalombe opita ku Chilwa.

Mkwiyo unaphulika pa 23 January, 1915 pamene anthu a John Chilembwe anapha William Jervis Livingstone, woyang'anira esiteti ya Magomero. M'chaka cha 1928 boma la atsamunda linakhazikitsa lamulo lolola kulipira lendi ndi ndalama, mbewu kapena ntchito, komabe linasiyira eni malo mphamvu yothamangitsa anthu. Thangata linathetsedwa mwalamulo mu 1962, Amalawi atayamba kutenga mbali m'boma.

Thangata linapita, koma kaganizidwe kake sikanapite konse. Lero aphunzitsi, anamwino ndi alangizi a zaulimi timachita lendi m'midadada ya pa Migowi, pa Chiringa ndi paboma. Mapangano ambiri ndi apakamwa, ndipo chomveka bwino ndi tsiku lolipira basi. Zikabuka nsikidzi aliyense amaloza mnzake chala.

Komatu nsikidzi sizidziwa mwini nyumba kapena wochita lendi. Zimabisala m'ming'alu, m'mphasa ndi m'molumikizira bedi, ndipo zimatha miyezi osayamwa magazi. Choncho chipinda chokhala chopanda munthu chikhoza kumusungira wobwera mawa. Zimayendanso m'zikwama ndi m'zovala, ndipo mumdadada zimadutsa khoma kupita kwa oyandikana nawo. Makolo athu ankayanika mphasa padzuwa, kuthira madzi owira pabedi ndi kuzira ming'alu. Mankhwala a DDT atafala pambuyo pa nkhondo yachiwiri yapadziko lonse, anthu anayesa nkhondo yatha, koma pofika m'ma 1950 nsikidzi zinali zitayamba kuwapirira. Ngakhale mzinda wa Paris unagwedezeka nazo mu 2023. Kumeneko ku France lamulo la mu 2018 limati mwini nyumba apereke nyumba yopanda tizilombo totere.

Ine ndinabwerera kwa mayi aja mtima utatsika, chifukwa ndinakumbukira kuti ndinali nditagula bulangete pakaunjika sabata yomweyo. Mlandu ukanatha kugwera mbali iliyonse. "Mayi," ndinatero, "mutu umodzi susenza denga." Tinang'amba pepala m'kope n'kulemba. Iwo amate ming'alu ndi kupopera mankhwala zipinda zonse zinayi tsiku limodzi. Ife okhalamo tiwiritse zofunda, tiyanike matiresi, ndipo woona nsikidzi anene msanga osachita manyazi. Munthu akatuluka, chipinda chikonzedwe wina asanalowe.

Mayiwo, amene agogo awo anagwirapo thangata, anasaina akuseka kuti sanalembepo pangano la nsikidzi chibadwire. Pepala lija linali laling'ono, koma linali ndi chimene makolo athu pamaesiteti anachisowa kwa zaka zoposa 60: mbali ziwiri zonse zinali ndi chochita.