Milu ya Zotsalira za Migodi ya ku Joni

Milu ya zotsalira za migodi ndi zitunda zikuluzikulu za mchenga wachikasu zomwe zandanda kumwera kwa mzinda wa Johannesburg ku South Africa. Mchengawu ndi miyala yomwe inaperedwa pochotsamo golide. Pamilu yambiri panadzalidwa udzu ndi mitengo, ndipo akatswiri amayenderapo chaka ndi chaka kuti aone ngati zomerazo zagwiradi komanso ngati mchenga wasiya kukokoloka.

Mbiri yake

Golide anapezeka pafamu ya Langlaagte mu 1886, ndipo mzinda unabadwa chaka chomwecho. Kuyambira mu 1890 migodi inayamba kusungunula golide ndi mankhwala a cyanide, njira yofuna kuti mwala uperedwe mpaka usalale ngati ufa. Zotsala ankaziunjika ngati mchenga kapena kuzipopera pamalo amodzi zili phala, n'kumauma pang'onopang'ono. Kwa zaka zambiri miluyi inali mbee, yopanda n'kamtengo komwe. Mumchengamo muli mwala wa pyrite, womwe ukakumana ndi mpweya ndi madzi umatulutsa asidi, ndipo mbewu zimapserera zikangomera. Mulinso uranium pang'ono.

Cha m'ma 1960 bungwe la eni migodi la Chamber of Mines linalimbikira ntchito yodzala udzu. Antchito ankazika mipanda ya bango yotchinga mphepo, kuwaza madzi kwa nthawi yaitali kuti asidi alowe pansi, kenaka kuthira laimu ndi feteleza asanafese. Mwa udzu womwe unkafesedwa munali kapinga. Pambuyo pake yunivesite ya Witwatersrand ndi kampani ya AngloGold Ashanti anayesa mitengo yachilengedwe ya komweko, monga karee.

Kuyambira kumapeto kwa zaka za m'ma 1970 milu ina inayamba kugumulidwa kuti achotsemo golide wotsalira. Mulu wotchuka wa Top Star, womwe pamwamba pake anthu ankaonerapo kanema ali m'galimoto, unatha motero. Mu February 1994 damu la phala la zotsalira za migodi linaphulika ku Merriespruit m'chigawo cha Free State, mvula itagwa yambiri, ndipo anthu 17 anafa. Lamulo la migodi la mu 2002 limati mwini mgodi amakhalabe ndi udindo pamalowo mpaka boma litampatsa chikalata chotsekera.

Kalondolondo wake

Kubiriwira kwa chaka choyamba kumanamiza, chifukwa udzu umakhala ukudya feteleza ndi madzi othirira. Mayeso enieni amabwera mipope ikachotsedwa. Oyendera amatambasula chingwe pamtsetse n'kumawerenga malo omwe pali tsinde la udzu ndi pomwe pali poyera, amalemba mitundu ya zomera zomwe zabwera zokha, ndipo amajambula malo amodzimodziwo chaka chilichonse. Amakhomanso zikhomo zachitsulo. Chikhomo chikamaonekera kwambiri ndiye kuti mchenga ukupita. Zigwembe zimayezedwa kuya kwake, madzi a m'zitsime amapimidwa asidi, ndipo zithunzi za setilaiti zimathandiza pamalo aakulu.

Fumbi limatcheredwa m'ndowa zoikidwa pamitengo yachitsulo. Malamulo a mu 2013 anaika malire a mamiligalamu 600 pa sikweya mita patsiku m'malo okhala anthu. Nthawi yovuta ndi August ndi September, udzu utauma, moto utadutsa, mphepo ikuuluzira fumbi ku Riverlea ndi ku Soweto.

Maina ake

Dera lonseli limatchedwa Witwatersrand, mawu a Chiafrikaans otanthauza chitunda cha madzi oyera, ndipo ndalama ya rand, yomwe inayamba mu 1961, inatenga dzina pamenepa. Azulu amati eGoli, pomwe dzina la chigawo, Gauteng, ndi la Chisotho. Onse awiri akunena malo a golide. Kwathu kuno ku Malawi dzina lodziwika ndi Joni, ndipo agogo ambiri akalitchula amatchulanso Wenela, bungwe lomwe linkalemba anthu ntchito za m'migodi. Amalawi zikwizikwi anatsika m'migodi imeneyi mpaka mu 1974, pomwe ndege yonyamula obwerera kwawo inagwa ku Francistown ndipo Dr Kamuzu Banda anaimitsa kulembako. Ulendowu utayambiranso, dzina la bungwelo linali TEBA, lomwe pakamwa pathu linasanduka Theba. Amene anapita osabwerera ankatchedwa matchona, ndipo obwerako ankabwera ndi njinga, wailesi ndi mawu a Chilapalapa, chilankhulo cha pansi pa mgodi. Masiku ano okumba mozemba m'migodi yosiyidwa amatchedwa zama zama, kuchokera ku mawu a Chizulu otanthauza kuyesa. Mlendo wa ku Dedza kapena ku Mzimba akaona zitunda zachikasuzi m'mbali mwa msewu, mwina akuona miyala yomwe agogo ake anaswa.

Kufunika kwake

Zomwe zaphunziridwa pamiluyi zikhoza kuthandiza malo ena omwe migodi idzasiye zotsalira zake, monga ku Copperbelt ndi ku Kayelekera m'boma la Karonga.