Kodi "Scrambler" Ingafike ku Dimba?

Caka catha, itangotha nyengo yogulitsa soya, mnyamata wina wa m'gulu lathu la acinyamata anapita ku Chipata ndi ndalama zake zonse za m'munda, nabwerako ndi honda yatsopano, ija ya mtundu wa Boxer. Tonse tinakondwera naye. Koma usanathe mwezi anafika pa msonkhano wathu wa pa Ciweru atagwira foni, natiwonetsa cithunzi ca njinga yamoto ina ya kunja: mpando wathyathyathya ngati thabwa, paipi ya utsi yokwera m'mwamba, matayala a manomano, kumbuyo kopanda kaliya. Pansi pake panalembedwa kuti Scrambler. "Akulu," anatero, "yanga ndifuna ikhale conco. Izi ndiye njinga za kuthengo."

Tsiku limenelo ndinasowa comuyankha, pakuti ngakhale dzinalo ndinali ndisanalimvepo. Ndinapita kukafufuza, ndipo popeza ndidziwa kuti ambiri a inu muli ndi maganizo onga ake, ndati ndikufotokozereni kumene njinga imeneyi inacokera.

Nkhani yake iyambira ku Britain. Kumeneko okonda njinga zamoto anali ndi mipikisano yodutsa m'mapiri ndi m'matope, monga uja wa masiku asanu ndi limodzi wa ku Scotland umene unayamba mu 1909. Pa mipikisano yotere oweruza anali kuima pa malo ovuta kuwerengera zolakwa za wokwera aliyense. Mu 1924, ku Camberley, ku England, anakonza mpikisano wa mtundu wina: palibe kuwerengera zolakwa, wopambana ndi amene ayambe kufika. Anaucha "scramble", liwu la Cingerezi lonena za kukwawa ndi kulimbirana pa malo oipa, monga acitira ana pothamangira mango akagwa. Ku France ndi ku Belgium masewerawa anapatsidwa dzina lakuti motocross, ndipo ndilo linafala pa dziko lonse.

Apa pali mfundo imene mnzathu uja akanaikonda. Pa masiku amenewo kunalibe fakitale yopanga njinga za kuthengo. Munthu anali kutenga njinga yake ya pa mseu, kaya ndi BSA, Triumph, Norton kapena Matchless, naikonza yekha. Anali kucotsa nyali ndi zonse zolemetsa, kukweza paipi ya utsi kuti isagunde miyala, kuika mahandulo otambalala ndi matayala ogwira dothi. Ku California, m'zaka za m'ma 1950 ndi 1960, anyamata othamanga m'cipululu anali kumangirira citsulo pansi pa injini za Triumph kuti miyala isaboole. Tsono scrambler inabadwa m'manja mwa amakanika a pansi pa mtengo, onga amene tili nawo pa Boma pano. Koma taonani kuti ciliconse cimene anacotsa kapena kuikapo cinali ndi cifukwa cake. Munthu wa pa mpikisano sananyamule thumba la feteleza, ndiponso analibe mayi ake kumbuyo.

Makampani ataona kuti anthu akonda zimenezi anayamba kupanga zokonzeratu. Mu 1962 Ducati ya ku Italy inatulutsa Scrambler yake yogulitsa ku America, ndipo caka comweco Honda ya ku Japan inatulutsa CL72. Pofuna kuonetsa kulimba kwake, amuna awiri, Dave Ekins ndi Bill Robertson Jr., anayenda nazo kucokera ku Tijuana kufika ku La Paz m'dziko la Mexico, mtunda wopitirira makilomita 1,500 wa miyala ndi micenga, m'maola osakwana 40. Mu 1963 kunatuluka filimu ya The Great Escape, mmene Steve McQueen aoneka akulumpha mpanda pa njinga yamoto. Amene analumphadi ndi mnzake Bud Ekins, mkulu wake wa Dave uja, ndipo njingayo inali Triumph yopakidwa utoto kuti ioneke ngati ya asilikali a Germany. Zithunzi za nthawi imeneyo ndizo zigulitsa ma scrambler mpaka lero.

Ufumu wake sunakhalitse. Njinga za ku Britain zinali zolemera, ndipo kunabwera zopepuka za injini yosakaniza petulo ndi oilo, monga CZ ya ku Czechoslovakia ndi Husqvarna ya ku Sweden. Jeff Smith anapambana cikho ca dziko lonse pa BSA mu 1964 ndi 1965, koma zaka zitatu zotsatira cikhoco cinapita kwa Paul Friedrichs wokwera CZ. Mu 1968 Yamaha inatulutsa DT-1, njinga yopangidwira fumbi ndi mseu kuyambira pa ciyambi, yopepuka, yamiyendo yaitali. Itafika imeneyi, panalibenso cifukwa covutikira kusandutsa njinga ya pa tala kukhala ya kuthengo, ndipo scrambler yakale inazimirira pang'onopang'ono.

Dzinali linauka mu 2006 pamene Triumph inatulutsa Scrambler ya injini ya pafupifupi 900cc, ndipo Ducati inatsatira mu 2015. Izi ndizo ziyenda m'mafoni mwathu. Ndi zokongola, sindikana. Koma Triumph Scrambler 900 ilemera makilogalamu opitirira 220, kuposa matumba anayi a cimanga, pamene mashoko ake apindika masentimita 12 cabe. Taganizani itakugwerani pakati pa dambo m'mwezi wa Febuluwale muli nokha! Boxer sifika ngakhale makilogalamu 130. Komanso injini za masiku anozi ziyendetsedwa ndi kakompyuta, kotero zikadwala makanika wa sipanala ndi pulayazi angoziyang'ana. Zilipo zina zokhozadi thengo, monga Scrambler 1200 XE ya mu 2019 ya gudumu lalikulu kutsogolo ndi mashoko opindika masentimita 25, koma mtengo wake si wa mlimi wa soya. Zambiri mwa izo anazipangira munthu wa m'tauni wofuna kuoneka ngati McQueen popita ku nchito. Akulu anati cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere. Coseketsa n'cakuti Scrambler 400 X, imene Triumph inatulutsa mu 2023, ipangidwa ku India ndi kampani ya Bajaj, yomweyo imene ipanga Boxer ya mnzathu uja.

Njinga zimene zatumikira dera lathu zinadzera njira ina. Makolo athu akumbukira alangizi a zaulimi, a zaumoyo ndi azibusa akudutsa m'midzi ya kwa Mlolo, kwa Zingalume ndi kwa Mwangala pa tinjinga tating'ono ta ku Japan, mpaka njinga yamoto iliyonse tinayamba kuicha honda, ngakhale ikhale Yamaha. Kampani ya Honda inatuma anthu ake m'maiko a ku Asia mu 1974 kukaona mmene osauka agwiritsira nchito njinga. Anapeza banja lonse pa njinga imodzi, katundu wolemera, ndi oilo wosasinthidwa mpaka kuda bii. Atabwerera anapanga CG125, imene inatuluka mu 1975, ya injini yosavuta ndi yopirira nkhanza za mwini wake. Yamaha nayo inapanga AG100 ndi AG200 cifukwa ca alimi a nkhosa ndi ng'ombe a ku Australia ndi New Zealand: cheni yotsekeredwa m'bokosi kuti matope asalowe, kaliya kumbuyo ndi kutsogolo, madigadi yakutsogolo yotalikirana ndi tayala. Palibe amene anaikapo AG200 pa kalendala cifukwa ca kukongola.

Cakumapeto kwa zaka za m'ma 1980, Barry Coleman wa ku Britain, pamodzi ndi Randy Mamola, katswiri wa mipikisano wa ku America, anaona ku Somalia njinga za anthu a zaumoyo zitaunjikidwa, zina zatsopano ndithu, zitafa kamba kosowa kacitsulo kakang'ono ndi cisamaliro. Pamodzi ndi Andrea Coleman anayambitsa bungwe la Riders for Health. Bungweli linagwirako nchito kuno ku Chadiza, kumene okwera njinga ake anali kuzungulira m'zipatala zazing'ono za kumidzi kutenga magazi ndi makhololo a odwala, kupita nazo kokapimitsa, ndi kubweza zotsatira zake. Kwa munthu wodikira kumva ngati ali ndi TB, njinga imeneyo inali kusiyanitsa kuyamba mankhwala sabata yomweyo ndi kudikira mwezi. Ciphunzitso cawo cinali cakuti m'mawa uliwonse, usanalize injini, uone petulo, oilo, cheni, manati, mabuleki ndi matayala. Za maonekedwe sanali kuzikamba.

Nanga kukonza njinga kuti ifanane ndi scrambler n'kulakwa? Ine ndiona kuti zina mwa nzeru za anthu a ku Camberley zitithandiza. Madigadi yakutsogolo ikakhala pafupi ndi tayala, dothi lathu lakatondo limatirira pakati mpaka gudumu kuleka kuzungulira, ndipo munthu agwa cafufumimba. Kuikweza ndi nzeru. Citsulo ca pansi pa injini ndi nzeru. Matayala a manomano agwira bwino m'dzinja, kungoti atha msanga pa tala ndipo aterera tala akanyowa, conco woyenda kawirikawiri pa mseu wa Great East aganizepo kawiri. Magudumu a masipoko akagunda dzenje apindika, ndipo wokonza njinga zakapalasa akhoza kuwawongola, pamene aja oumba ang'aluka.

Zina ndi zowononga cabe. Pa zithunzi zambiri mudzaona kuti anacotsa bokosi la sefa ya mpweya naikapo kasefa kakang'ono koonekera panja. Pa fumbi la mu Seputembala kasefa kotero kadyetsa injini mcenga, ndipo powoloka mtsinje ndi pomwepo polowera madzi. Ambiri aganiza kuti madzi aopsa ku paipi ya utsi, koma injini imwa madzi kudzera kopumira. Paipi yokwera m'mwamba idutsa pomwe pakhala mwendo wa wokwera kumbuyo, ndipo mayi wovala citenje ndiye ayamba kupsa. Kudula felemu kuti mpando ufupike n'kufooketsa msana wa njinga imene mawa idzanyamula matumba awiri. Kucotsa nyali ndi magalasi, kumene pa mpikisano kunali koyenera, pa mseu ndi mlandu kwa apolisi ndi a RTSA, monganso kuyenda opanda cisoti.

Mnzathu uja sanadikire kuti ndimalize kufufuza. Anapita kwa wowocherera zitsulo, nacotsa kaliya, nadula madigadi yakumbuyo, nacotsanso cotsekera cheni, naikapo paipi yolira ngati cigayo. Kwa miyezi itatu anali mfumu ya pa Boma, ana akumuthamangira. Mvula itagwa tinali ndi msonkhano wa acinyamata ku dera la Nsadzu, ndipo iye ananditenga. Tinafika misana yathu ili ndi mzere wa matope kuyambira m'ciuno mpaka m'khosi, malaya anga oyera atasanduka ofiira, ndipo panjira tinaima kawiri kukolokosa cheni ndi kamtengo. Atsikana a kwaya anatiseka mpaka misozi.

Cimene cinamupweteka kwenikweni cinadza sabata yotsatira, pamene mayi ake anamutuma kukatenga feteleza wobereketsa ndipo panalibe pomangirira thumba. Analipira mnyamata wa njinga yakapalasa kuti anyamule, iye akutsatira pambuyo pang'onopang'ono pa honda yake yolira. Lolemba lake anabwerera kwa wowocherera uja kukabwezeretsa kaliya ndi madigadi. Cotsekera cheni anacipeza ataponyera nkhuku kuti zizimweramo madzi, nacitsuka. Madigadi yakutsogolo yokwera ndi matayala a manomano anazisiya, ndipo dzinja lonse sanagwe nayo. Pa thanki analembapo ndi utoto woyera kuti Scrambler, ndipo dzinalo likalipo.