Ngongole za Kholo Lomwalira: Zimene Lamulo Likunena

Kholo likamwalira, ngongole zake sizimwalira nalo, komanso sizisamukira kwa ana ake. Zimabwezedwa kuchokera pa chuma cha masiye. Kagawidwe ka chumachi kamatsata lamulo la Deceased Estates (Wills, Inheritance and Protection) Act la 2011, lomwe linalowa m'malo mwa Wills and Inheritance Act ya 1967.

M'madera a m'mbali mwa nyanja m'boma la Salima, ngongole zambiri ndi za feteleza, mbewu ya mpunga, maukonde, injini za mabwato, za ku banki mkhonde ngakhalenso za katapila. Wokongoza sayenera kufika pamaliro n'kutenga njinga, mbuzi kapena bwato ponena kuti ndi malipiro ake. Kulanda chuma cha masiye ndi mlandu, ngakhale ngongoleyo ikhale yoona.

Wokongoza akapereke dandaulo lake kwa munthu amene khoti lamupatsa mphamvu zoyendetsa chumacho, kaya amene anatchulidwa mu wilo kapena wosankhidwa ndi khoti pamene wilo palibe. Ofesi ya DC ku Salima ndi ya Administrator General, yomwe ili pansi pa Unduna wa Zachilungamo, zimathandiza pa nkhani zotere. Pamafunika umboni: chikalata cha mgwirizano, malisiti, buku la gulu la banki mkhonde, kapena mboni zomwe zinalipo ndalama zikuperekedwa. Ngongole yongotchulidwa pakamwa mwini wake ali m'manda imavuta kuitsimikiza, ndipo woyendetsa chuma ali ndi ufulu wokana. Kuchedwa nakonso kumapweteka, popeza Limitation Act imapereka zaka 6 zokha zokasumira ngongole ya mgwirizano.

Woyendetsa chuma amayamba walipira za maliro ndi zoyendetsera chumacho, kenaka ngongole zotsimikizika, ndipo chotsalacho ndicho chimagawidwa kwa mkazi kapena mwamuna wamasiye, ana ndi ena odalira womwalirayo. Akagawa chuma ngongole zodziwika zisanabwezedwe, akhoza kufunsidwa kulipira yekha. Chuma chikachepa, ana sakakamizidwa kuonjezera za m'thumba mwawo, pokhapokha ngati mmodzi wa iwo anasainira ngongoleyo ngati chikole kapena anakongola limodzi ndi kholo lake.

Pa katapila, Loans Recovery Act imalola khoti kuunikanso mgwirizano wa chiwongoladzanja chopyola muyeso, choncho banja lisafulumire kugulitsa katundu khoti lisanaone chiwerengero chimene wokongoza akufuna.