Batire, sitata ndi alternador: zoyenera kuona galimoto ikakana kulira

Miyezi ya Juni ndi Julayi, pamene alimi a m'chigawo cha Niassa amakhala pa kalikiliki kutumiza chimanga, nyemba ndi mbatata ya kachewere kumisika, ndi nthawinso imene magalimoto ambiri amakana kulira m'mamawa. Ku Lulimile ndi m'madera ena a mzinda wa Lichinga si zachilendo kuona anyamata akukankha galimoto yodzaza matumba dzuwa lisanatuluke. Zikatere eni magalimoto ambiri amathamangira kukagula batire latsopano, koma pakangopita masabata ochepa vuto lija limabwereranso, ndalama zitapita kale. Izi zimachitika chifukwa batire limagwira ntchito pamodzi ndi zipangizo zina ziwiri, sitata ndi makina otchaja, ndipo chimodzi chikadwala zizindikiro zake zimaonekera pa chinzake. Kuyeza zonse zitatu munthu asanatulutse ndalama kumatenga mphindi zochepa chabe.

Ntchito ya chipangizo chilichonse

Batire la galimoto lili ndi zipinda zisanu ndi chimodzi. M'chipinda chilichonse muli mapuleti a mtovu omizidwa m'madzi osakaniza ndi asidi, ndipo chipinda chimodzi chimapereka mavolti pafupifupi 2.1. N'chifukwa chake batire lotchedwa la mavolti 12 likadzaza limaonetsa 12.6. Anapanga batire la mtundu umenewu ndi Gaston Planté wa ku France mu 1859, ndipo mpaka lero ndi limene lili m'magalimoto ambiri ndi m'mathirakitala. Malole ambiri akuluakulu amakhala ndi mabatire awiri olumikizidwa kuti apereke mavolti 24.

Sitata, imene pa Chipwitikizi amati motor de arranque, ndi mota yaing'ono koma yamphamvu. Dalaivala akatembenuza kiyi, kagiya ka sitata kamatuluka n'kulumana ndi mano a gudumu lalikulu lachitsulo limene lili kumbuyo kwa injini, n'kulizungulitsa mpaka injini italira. Galimoto za Cadillac ku America zinayamba kukhala ndi sitata mu 1912; m'mbuyomo anthu ankapukusa injini ndi dzanja. Pa masekondi ochepa amenewo sitata imakoka moto wambiri kuposa china chilichonse m'galimoto, maampeya oposa 100, ndipo injini ya dizilo imafuna ochuluka kuposa ya petulo.

Makina otchaja ndi amene m'magalaja a ku Lichinga amati alternador, pamene kutsidya kwa malire ku Malawi amati alternator. Alternador imazungulitsidwa ndi lamba wochokera ku injini. Injini ikalira, iyo ndi imene imapereka moto ku nyali, wailesi ndi zina zonse, komanso imabwezera m'batire moto umene sitata inadya. Ikafooka, batire limamka likutha pang'onopang'ono ngakhale likhale latsopano.

Chifukwa chake vuto limakula nyengo yozizira

Lichinga ili pamtunda wa mamita oposa 1,300 kuchokera pa nyanja yamchere, ndipo usiku wa Juni ndi Julayi kumazizira kwambiri kusiyana ndi ku Metangula, m'mphepete mwa nyanja ya Niassa. Kuzizira kumachepetsa mphamvu imene batire lingatulutse, pamene oilo wa mu injini amakhala atalimba, kotero sitata imafuna moto wambiri pa nthawi imene batire lili lofooka. Batire limene linkalimbikira m'mwezi wa Marichi limaonekera poyera nyengo imeneyi.

Misewu nayo ili ndi mbali yake. Msewu wa N13 wochokera ku Lichinga kudzera ku Mandimba kukafika ku Cuamba ndi waukulu, koma galimoto yotenga mbewu imathera nthawi yambiri m'misewu yafumbi yopita kuminda ya ku Ngauma, Sanga ndi Chimbunila. Kugwedezeka kumamasula nthambo, kumathyola mapuleti a m'kati mwa batire losamangidwa bwino, ndipo fumbi limalowa mu alternador. Galimoto yongoyenda maulendo afupiafupi mu mzinda, kulizidwa ndi kuzimitsidwa kambirimbiri, nayonso sipatsa batire mpata wodzaza.

Zimene phokoso la galimoto limanena

Kiyi akatembenuzidwa, injini n'kumazungulira molemera, nyali za padashibodi n'kumazilala, ndiye kuti batire lachepa moto kapena nthambo sizikugwira bwino. Kukamveka phokoso la "te-te-te" mofulumira, kawirikawiri chifukwa chake ndi chomwecho. Kukamveka "kha" kamodzi kokha, nyali zili zowala bwino, maso ayenera kupita ku sitata ndi nthambo zake. Sitata ikamazungulira mopepuka ndi phokoso lalitali koma injini osagwedezeka, kagiya kaja sikakulumana ndi mano. Injini ikamazungulira bwinobwino koma osalira, batire ndi sitata zilibe mlandu: vuto lili ku mafuta, ku mapulagi, kapena pa galimoto ya dizilo, ku timapulagi totenthetsa injini m'mawa.

Pali kanyali kofiira kooneka ngati batire padashibodi. Kamayaka kiyi akatsegulidwa ndipo kamayenera kuzima injini ikalira. Kakayaka galimoto ili pa ulendo, alternador yasiya kutchaja ndipo galimoto ikuyendera moto wotsala m'batire. Dalaivala aime n'kuona lamba, chifukwa m'magalimoto ambiri lamba yemweyo ndi amene amazungulitsa pampu ya madzi; akaduka, injini imatentha msanga.

Kuyeza ndi multimita

Kachipangizo koyezera magetsi, kotchedwa multimita, kamapezeka m'masitolo a zida za magetsi ndipo mtengo wake ndi wochepa kwambiri poyerekeza ndi batire. Kuyeza kumachitika katatu, waya wofiira ali pa mutu wa batire wa chizindikiro cha + ndipo wakuda ali pa wa chizindikiro cha –.

Koyamba, injini ili chizimire kwa maola angapo. Mavolti 12.6 kapena kuposerapo pang'ono akusonyeza batire lodzaza. Pa 12.4 latsala ndi magawo atatu mwa anayi, pa 12.2 latsala ndi theka, ndipo pansi pa 12.0 latha moto.

Kachiwiri, wina akuliza injini. Batire labwino silitsika pansi pa mavolti 9.6 pa nthawi imeneyi. Likatsika kwambiri pamene linali lodzaza, lakalamba, kapena sitata ikukoka moto wopitirira muyeso.

Kachitatu, injini ikulira. Multimita iyenera kuonetsa pakati pa 13.8 ndi 14.4, kapena pafupi ndi pamenepo. Ikaonetsa pansi pa 13, alternador sikutchaja mokwanira. Ikapitirira 15, ikutchaja mopyola, ndipo batire limawira, limauma madzi, mababu n'kumapsa pafupipafupi. Pa lole ya mavolti 24 manambala onsewa amawirikizidwa kawiri.

Pali chizolowezi chakale chochotsa nthambo ya batire injini ikulira pofuna kuona ngati alternador ikugwira ntchito. Chizolowezichi chimatha kuwotcha alternador ndi kompyuta ya injini, makamaka pa magalimoto obwera kuchokera ku Japan amene achuluka masiku ano.

Kusamalira batire

Kamodzi pa mwezi, mwini galimoto aone ngati batire lamangidwa zolimba ndi chitsulo chake. Mitu yake ikachita ufa woyera kapena wobiriwira, moto sudutsa bwino. Pochotsa nthambo amayambira ya –, imene imapita ku thupi la galimoto ndipo amakaniko amaitcha massa kapena ethi, kenako ya +. Pobwezera amayambira ya + n'kumalizira ya –. Kutero kumateteza ngozi ngati sipanala yakhudza chitsulo cha galimoto. Ufa uja umachoka ndi madzi ofunda osakaniza ndi soda wophikira komanso kaburashi, koma madzi a sodawo asalowe m'kati mwa batire. Nthambo zikamangidwa, pamwamba pake apake Vaseline pang'ono. Malo amene nthambo ya massa yamangidwa ku thupi la galimoto ndi ku injini aonedwenso, chifukwa dzimbiri la pamenepo lagulitsitsa anthu ambiri batire popanda chifukwa.

Batire lokhala ndi zitsekerero limafuna madzi ophimba mapuleti, pakati pa mizere iwiri yolembedwa m'mbali. Othiramo ndi madzi a batire okha, amene m'masitolo amalembedwa kuti água destilada. Madzi a pachitsime kapena a pamjigo ali ndi mchere umene umawononga mapuleti. Asidi sawonjezeredwa, popeza chimene chimauma ndi madzi. Batire lotsekeratu silifuna kutsegulidwa.

Batire likamatchajidwa limatulutsa mpweya umene umaphulika ukakumana ndi moto, choncho fodya, machesi ndi kandulo zikhale kutali. Asidi akagwera pakhungu kapena m'maso, munthu asambe ndi madzi ambiri kwa nthawi yaitali, ndipo ngati ndi m'maso apite kuchipatala.

M'midzi ya m'malire momwe magetsi sanafike, batire la galimoto limatengedwa usiku kukayatsa nyali, kuliza wailesi ndi kutchaja mafoni. Batire la galimoto linapangidwa kuti lipereke moto wambiri kwa kanthawi kochepa, ndipo likamatheratu moto kawirikawiri limafa msanga. Ntchito ya m'nyumba imafuna batire la sola. Thirakitala kapena lole imene imaima miyezi ingapo kudikira nyengo yolima kapena yokolola ichotsedwe nthambo ya –, ndipo batire lake lizitchajidwa kamodzi pa mwezi. Likakhala nthawi yaitali lopanda moto, mapuleti amachita zouma zolimba ndipo salandiranso moto bwino.

Kusamalira sitata ndi alternador

Sitata isalizidwe kupitirira masekondi 10 nthawi imodzi, ndipo ipumitsidwe theka la mphindi kapena kuposerapo isanayesedwenso, kuopa kuti ingapse. Pa galimoto ya dizilo, dalaivala adikire kanyali kotenthetsa injini kazime asanatembenuze kiyi. Sitata imene imafuna kugogodedwa ndi sipanala kuti igwire nthawi zambiri yatha timakala ta m'kati, totchedwa maburashi kapena escovas. Timakalati timasinthidwa ndi mmisiri wa magetsi a galimoto pa mtengo wotsika kuposa kugula sitata yonse. Chimodzimodzi ndi alternador: kawirikawiri chimafa ndi maburashi, mabeling'i kapena kachipangizo kowongolera mavolti, ndipo zonsezi zimasinthika.

Lamba wa alternador aonedwe injini itazima. Akhale wopanda ming'alu ndi wopanda oilo. Pa magalimoto akale, akadinidwa ndi chala pakati ayenera kulowa pafupifupi sentimita imodzi. Lamba wolira m'mawa kapena nyali zikayatsidwa ndi wolefuka. Wokungika kwambiri amapha mabeling'i. Amene amayenda njira zakutali ndi magalaja, monga ya N14 yopita ku Marrupa, amachita bwino kukhala ndi lamba wina m'galimoto.

Kubwereka moto ndi kukankha

Pobwereka moto kwa galimoto ina, mabatire onse awiri akhale a mavolti ofanana, ndipo magalimotowo asakhudzane. Nthambo yofiira imayambira pa + wa batire lakufa kupita pa + wa batire lamoyo. Yakuda imachoka pa – wa batire lamoyo kupita pa chitsulo cha injini ya galimoto yakufayo, patali ndi batire. Injini ikalira, nthambo zimachotsedwa kuyambira yomalizira kuikidwa. Kusemphanitsa + ndi – kumawotcha alternador nthawi yomweyo. Batire losweka kapena lotupa lisabwerekeredwe moto.

Kukankha kumatheka pa galimoto ya magiya osintha ndi dzanja, ili pa giya yachiwiri. Galimoto ya otomatiki silira ndi kukankha. Ndipo batire limene linatheratu silidzaza ndi ulendo wa mphindi zochepa. Limafuna kuikidwa pa tchaja kwa maola angapo.

Kugula latsopano ndi kutaya lakale

Batire losamalidwa bwino limakhala zaka zitatu mpaka zisanu. Pogula, munthu aone nambala ya Ah yolembedwa pa batire lakale, kukula kwake, ndi mbali imene mutu wa + uli, chifukwa nthambo za galimoto sizifika kulikonse. Pa mabatire a magalimoto a ku Japan, chilembo cha L kapena R kumapeto kwa nambala chimanena za mbali imeneyi. Wogula apemphe kuti liyezedwe iye akuona, atenge lisiti ndi pepala la chitsimikizo, kaya wagula ku Lichinga, ku Mandimba kapena kutsidya ku Chiponde. Likangoikidwa, alternador iyezedwe tsiku lomwelo.

Batire lakale libwezedwe kwa ogulitsa kapena kwa ogula mabatire otha ntchito, lili losatsegula. Mtovu ndi poizoni, ndipo bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO limanena kuti palibe mlingo wa mtovu m'thupi umene uli wosavulaza. Ana aang'ono ndi amayi oyembekezera ndi amene amakhala pa chiopsezo chachikulu, popeza mtovu umawononga kakulidwe ka ubongo. Kuswa batire pakhomo, kuthira asidi wake pansi pafupi ndi chitsime kapena dimba, ndi kusungunula mtovu pa mbaula kumasiya poizoniyo m'nthaka kwa zaka zambiri. Batire lodikira kukabwezedwa lisungidwe choimirira, pamalo ouma, kutali ndi ana, ziweto ndi matumba a chakudya.