Kuchokera pa Dengu Kufika pa Lita

Tikaima pamsika wa Lizulu m'boma lathu la Ntcheu, timaona mbatata ya kachewere, nyemba ndi chimanga zikuyezedwa m'ndowa. Ambiri a ife sitidziŵa kuti muyeso umenewu uli ndi mbiri yake, ndipo kusaidziŵa kwasaukitsa mabanja ena.

Makolo athu analibe sikelo. Ankayeza ndi dengu, lichero ndi nsengwa, ndipo mayi ankadziŵa madengu okwanira kufikitsa banja ku zokolola zina. Madengu sankafanana kukula, koma osinthana zinthu anali odziŵana, ndipo wonyenga mnzake ankachita manyazi pamudzi.

Angerezi atakhazikitsa ulamuliro wao m'chaka cha 1891 anabwera ndi galoni, muyeso umene lamulo la kwao linaukhazika m'chaka cha 1824. Galoniyo sinafike m'midzi ndi mabuku, koma ndi chitini cha parafini cha magaloni anayi. Parafini akatha, chitinicho chinkasanduka chotungira madzi ndi choyezera chimanga. Motero agogo athu anazoloŵera muyeso wa Angerezi osauphunzira kusukulu.

Koma Ntcheu ali m'malire. Kuwoloka mseu pa Lizulu ndiye kuloŵa m'dziko la Mozambique, limene linali m'manja mwa Apwitikizi mpaka 1975. Iwo analandira mwalamulo miyeso ya mita ndi lita m'chaka cha 1852, kutsata France kumene inayambira m'chaka cha 1795. Choncho Angoni a mtundu umodzi, okwatirana ndi kuikana maliro, anakhala pansi pa miyeso iŵiri. Ife tinasintha pambuyo pake: kwacha inaloŵa m'malo mwa paundi mu 1971, bungwe la Malawi Bureau of Standards linakhazikitsidwa mu 1972, ndipo m'kupita kwa nthaŵi galoni inasiyira malo lita.

Tiyeni tsono tiŵerengere limodzi. Galoni ya Angerezi ndi malita 4.546, kutanthauza kuti chitini chakale chinkatenga malita 18 ndi pang'ono. Ndowa ya masiku ano imatenga malita 20. Zitini khumi zimangodzaza ndowa zisanu ndi zinayi. Gogo amene agulitsa ndowa pamtengo wa chitini, poganiza kuti nzofanana, amataya pafupifupi chitini chathunthu pa ndowa zisanu ndi zinayi zilizonse. Tichenjerenso ndi zigubu zolembedwa galoni ya ku America, pakuti iyo ndi malita 3.785 okha. Ndiponso lita imayeza malo, kilogalamu imayeza kulemera. Ndowa yosefukira ndi yosalaza sizilemera chimodzimodzi, ndipo wogula ndi ndowa nkukagulitsa pa sikelo amadziŵa bwino zimenezi.

Vutoli si latsopano. Zaka zoposa 700 Ambuye asanabadwe, mneneri Amosi anadzudzula amalonda ochepetsa efa, muyeso wao wa tirigu, pofuna kudyera osauka. Miyeso ikasintha, woyamba kuluza ndi wosadziŵa kuŵerengera, ndipo kaŵirikaŵiri amakhala mayi wamasiye kapena nkhalamba.

Nchifukwa chake, makolo, mwana akabwera ndi samu za malita musaziyese za m'kalasi mokha. Mpatseni botolo la lita imodzi ayeze ndowa ya pakhomo, alembe nambala yake pambali, ndipo tsiku la msika aperekeze agogo ake. Nafenso pogula kwa mnansi, ndowa yathu ikhale yomweyo imene timagulitsira.